Machine Head yosainidwa ndi anthu asanu: kodi gulu lonse lilipo?

Funso lachokera kwa bambo wina amene amakhala ku Leeds. Iwo akuti: "Ndimakonda gulu loimba la Deep Purple kuyambira ndili mnyamata. Mwezi wathawu, pa msika wa zimbale zakale, ndinapeza chimbale cha Machine Head, chija chachikulu cha pagalamafoni, chili ndi masiginecha asanu: Ian Gillan, Roger Glover, Ian Paice, Steve Morse ndi Don Airey. Wogulitsa akuti gulu lonse linasaina, ndipo mtengo wake ukulingana ndi malipiro anga a sabata yathunthu. Alinso ndi CD ya Come Taste the Band imene pachikuto pake pali dzina la Tommy Bolin. Mnzanga wa kuntchito akuti ndisataye ndalama, chifukwa Deep Purple yopanda Ritchie Blackmore si Deep Purple. Ndigule kodi? Nanga n'zotheka kusonkhanitsa masiginecha a onse amene anaimbapo m'gululi?"

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambira pa CD ija poti ndiyo yosachedwetsa. Musagule, ndipo musataye mpweya n'kunenerera mtengo. Tommy Bolin, amene anaimba gitala pa chimbale chimenecho, anamwalira pa 4 Disembala 1976 mumzinda wa Miami ali ndi zaka 25 zokha, pamene ma CD anayamba kupezeka m'masitolo mu 1982. Kapepala kamene mwakaonako kanasindikizidwa mwini dzina atatha kale zaka zambiri ali m'manda, choncho dzanja limene linalembapo ndi la munthu wina. Dzina la Bolin lingakhale pafupi ndi CD mwachilungamo pokhapokha ngati wina anali ndi pepala lakale, kaya tiketi ya 1975 kaya tsamba la m'kabuku ka masiginecha, n'kuliika m'felemu limodzi ndi CD-yo. Inu mwanena kuti inki ili pachikuto penipeni, ndiye nkhani ya CD yathera pomwepo.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti zinthu ziwirizi zili patebulo limodzi. Wogulitsayo mwina sakudziwa kuti CD ija ndi yabodza, mwinanso akudziwa. Ngati sakudziwa, mawu ake pa chimbale chinacho ndi opepuka. Ngati akudziwa, ndiye kuti mukuchita malonda ndi kamberembere. Sindikuti Machine Head ijanso ndi yachinyengo, ndipo pansipa ndinena chifukwa chake ndikuiganizira zabwino, koma muiweruze ndi maso anu, zimene akukuuzani muzisiye kaye pambali.

Ndatha zaka zoposa 20 ndikusonkhanitsa zimbale zosainidwa, ndipo chimene chandipulumutsa kambirimbiri kuposa galasi lokulitsira zilembo ndi kudziwa kuti ndani anali m'gulu chaka chiti. Kwa Deep Purple ntchito imeneyi ndi yaikulu ndithu, chifukwa anthu 15 ndi amene adutsamo.

Gululi linayamba ku England mu 1968 ndi Rod Evans pa maiki, Ritchie Blackmore pa gitala, Jon Lord pa ogani, Nick Simper pa bezi ndi Ian Paice pa ng'oma. Okonda gululi amati asanu amenewa ndi Mark I, ndipo pakasintha munthu nambala imasinthanso, moti lero tafika pa Mark IX. Oyambawo anatulutsa zimbale zitatu, nyimbo yawo ya "Hush" inagwira msika ku America, koma kwawo ku Britain anthu sanawalabadire kwenikweni. Pakati pa 1969 Blackmore, Lord ndi Paice anafuna kuti nyimbo zikhale zaukali kuposa kale, ndipo anaona kuti mawu ofatsa a Evans sangafike kumene iwo ankalinga. Evans ndi Simper anachotsedwa, n'kulowa Ian Gillan ndi Roger Glover ochokera ku gulu la Episode Six. Amenewa ndiwo Mark II, eniake a In Rock ya 1970, Fireball ya 1971, Machine Head ya 1972, Made in Japan yomwe anajambula pa mashoo a ku Osaka ndi Tokyo mu Ogasiti 1972, ndi Who Do We Think We Are ya 1973.

Tiime pang'ono pa Machine Head, poti ndicho chimbale chimene mukufuna kulipira. Mu Disembala 1971 gululi linapita ku Montreux, m'dziko la Switzerland, ndi lole yojambulira nyimbo ya gulu la Rolling Stones. Ankafuna kujambulira m'holo ya Casino ya mumzindawo, koma pa 4 Disembala, Frank Zappa ali mkati moimba, munthu wina anaombera kamfuti kotulutsa moto kudenga ndipo nyumba yonse inapsa. Atasowa kolowera, anakapeza malo ku Grand Hotel, yomwe inali yotseka chifukwa cha nyengo yozizira. Anaika zida m'kakhonde ka m'kati mwa hoteloyo, lole ili panja, zingwe zikudutsa m'zipinda. Nyimbo ya "Smoke on the Water" ikusimba za moto umenewo. Oimba amene anali m'kakhonde kaja anali asanu: Gillan, Glover, Blackmore, Lord ndi Paice. Steve Morse panthawiyo anali mnyamata wa zaka 17 ku America, ndipo Don Airey analowa m'gululi patapita zaka 30.

Pakati pa osonkhanitsa, mawu oti chimbale chinasainidwa ndi gulu lonse amatanthauza anthu amene anaimba pa chimbalecho. Mwa asanu a ku Montreux, inu mwapeza atatu. Akusowa ndi awiri aja amene mtengo umakwerera: Blackmore, yemwe sapezeka wamba, ndi Lord, yemwe anamwalira pa 16 Julaye 2012 ndi khansa ya kapamba. Ngakhale mutachita mwayi n'kukumana ndi Blackmore mawa, chimbale chimenechi sichidzafikanso pa asanu enieniwo. Wogulitsa akamatchula mtengo wa chimbale chokwanira, akukulipiritsani anthu awiri amene palibe.

Komabe mayina asanu amenewa akusimba nkhani yomveka, ndipo n'chifukwa chake ndikuwaganizira zabwino. Wachinyengo akakhala pansi ndi chikuto cha Machine Head amalemba mayina obweretsa ndalama, ndiye sangasiye Blackmore ndi Lord n'kulemba Morse ndi Airey. Gillan, Glover, Paice, Morse ndi Airey ndi Mark VIII, gulu limene linakhala limodzi kuyambira 2002 mpaka 2022. Chimene ndikuona ine n'chakuti munthu wina ananyamula chimbale chake chakale kupita nacho ku shoo m'zaka zimenezo, n'kuchipereka kwa aliyense amene anatuluka pakhomo. Oimba atsopano sakana kusaina zimbale zakale akapatsidwa, paja nyimbo zakezo amaziimba usiku ulionse. Zimbale zotere ndazionapo zambiri, ndipo kawirikawiri zimakhala zenizeni. Kungoti ndi chikumbutso cha usiku wina wa pakati pa 2002 ndi 2022, cholembedwa pa chikuto cha 1972.

Kuti muone mmene zaka zimagwirira wabodza, tipitirize mbiri ija mwachangu. Gillan anachoka mu Juni 1973 atatopa kukangana ndi Blackmore, ndipo Glover nayenso anachoka nthawi yomweyo chifukwa Blackmore sankamufunanso. Kunabwera David Coverdale, yemwe panthawiyo sankadziwika, ndi Glenn Hughes wochokera ku gulu la Trapeze. Amenewa ndi Mark III, a Burn ndi Stormbringer, zonse ziwiri za 1974. Blackmore sanakondwe ndi kumene nyimbo zinkalowera ndipo mu 1975 anachoka kukayambitsa Rainbow. Malo ake anatenga Bolin uja, ndipo Mark IV inangotulutsa chimbale chimodzi, Come Taste the Band. Shoo yawo yomaliza inali ku Liverpool mu Malichi 1976, gulu n'kutha. Mu 1984 asanu a Mark II anabwererana n'kutulutsa Perfect Strangers. Gillan anachotsedwa mu 1989, Joe Lynn Turner n'kuimba pa Slaves and Masters ya 1990, kenako Gillan anabwereranso mu 1992 kudzajambula The Battle Rages On. Mu Novembala 1993, ulendo wa mashoo usanathe, Blackmore anachokeratu ndipo sanaimbenso nawo mpaka lero. Joe Satriani anagwirizira mpandowo miyezi ingapo, Morse n'kukhazikika mu 1994. Lord anapuma mu 2002 n'kusiyira Airey. Morse anachoka mu 2022 kukasamalira mkazi wake amene ankadwala khansa, ndipo gitala tsopano ili m'manja mwa Simon McBride wa ku Northern Ireland.

Taonani tsono zimene zakazi zikukupatsani. Asanu a Mark II anali pamodzi maulendo atatu okha: 1969 mpaka 1973, 1984 mpaka 1989, ndi 1992 mpaka 1993. Machine Head inatulutsidwanso mu 1997 pokumbukira kuti yatha zaka 25. Mukadzapeza kope la 1997 lili ndi mayina asanu a ku Montreux, onse olembedwa ndi cholembera chimodzi ngati anakhala patebulo limodzi, mudzifunse kuti tebulo limenelo linali kuti, poti Blackmore anali atapatukana nawo zaka zinayi m'mbuyomo. N'zotheka munthu wakhama kuwasaka mmodzimmodzi, koma zikatero inki imasiyana, ndipo munthuyo amakhala ndi nkhani ya dzina lililonse. Dzina la Lord pa Now What?! ya 2013, kapena pa Machine Head yotulutsidwanso mu 2024, ndi bodza lofanana ndi la CD ya Bolin. Ndiye musanayang'ane n'komwe siginecha, tembenuzani chikuto muone kuti kopelo ndi la liti. Loyamba la ku Britain linatuluka pansi pa Purple Records ndi nambala yakuti TPSA 7504, chikuto chake n'chotsegula ngati buku, ndipo kumbuyo kulibe timizere tija amawerenga ndi makina pakauntala, chifukwa timeneti tinafala pa zimbale m'zaka za m'ma 1980.

Zaka zikagwirizana, ndiye mufike pa inki. Kale ndinagulapo chithunzi cha gulu lina kwa wamalonda wa pa intaneti, chili ndi mayina anayi ooneka bwino. Chitafika ndinazimitsa getsi la m'chipinda, n'kuchiunika ndi tochi cham'mbali, kuwala kukudutsa chogona pamwamba pa pepala. Inki yeniyeni imakhala pamwamba ndipo imanyezimira mosiyana ndi pepala, bolopeni imasiya kangalande kamene chala chimakamva. Pa chithunzi chija kuwala kunangotsetsereka myaa kuchokera mbali ina kufika mbali ina, popanda chopinga. Mayinawo anali mbali ya chithunzicho, anasindikizidwira limodzi. Ndalama zinapita ndipo zinandiwawa kwambiri. Inu kachiteni zomwezo ndi tochi ya pafoni yanu, pamaso pa wogulitsayo. Munthu wachilungamo sakwiya nazo.

Mukatsimikiza kuti inki ndi yeniyeni, yang'anani mmene dzanja linayendera. Woimba amene wasaina dzina lake kwa zaka 50 salilingalira, cholembera chimatera chikuthamanga kale ndipo chimanyamuka chisanaime, moti mzere umayamba mopyapyala n'kutha mopyapyala. Wokopera amajambula dzinalo pang'onopang'ono, diso lili pa chitsanzo. Mzere wake umanjenjemera, umanenepa mofanana paliponse, ndipo pamene anaima kuti aonenso chitsanzo pamatsala kadontho. Onaninso kakhalidwe ka mayina asanuwo pachikuto. Chimbale chikamayenda m'manja mwa anthu asanu pakhomo la holo, wina amalemba chopendekera, wina amakwera pa dzina la mnzake, wina amalemba chozondoka chifukwa anachilandira chotembenuka. Mayina otalikirana bwinobwino, aakulu mofanana, opendekera mbali imodzi, amasonyeza dzanja limodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Poyerekeza, funani zitsanzo za nthawi yomweyo, chifukwa Gillan wa 1972 ndi Gillan wa 2015 salemba mofanana. Ndipo siginecha ikafanana ndi ina ndendende, mpaka kumchira kwa chilembo chomaliza, pamenepo pagwira makina, popeza palibe munthu amene amasaina kawiri mofanana chonchi.

Palinso vuto lina limene tochi singaligwire: inki yeniyeni, ya chaka choyenera, yochokera kuseri kwa nsanja komweko, koma yolembedwa ndi wantchito wa gulu. Chitsanzo chodziwika ndi cha The Beatles, kumene Neil Aspinall ndi Mal Evans, anthu oyenda ndi gululo, ankasaina mayina a anayi aja mapempho akachuluka. Amene analandira zithunzizo anazisunga moyo wawo wonse akukhulupirira ndi mtima wonse. Choncho munthu akhoza kukuuzani zoona zokhazokha za mmene anachipezera, siginecha n'kukhalabe ya wina.

Wogulitsa akhoza kukutulutsirani satifiketi. Pepala limenelo mphamvu yake imalingana ndi munthu amene analilemba basi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 apolisi a FBI ku America anachita kafukufuku wotchedwa Operation Bullpen, n'kugwira gulu la anthu opanga masiginecha abodza, makamaka a akatswiri a masewera, ndipo katundu wawo ankayenda ndi masatifiketi. Alipo makampani odziwika amene amayeza masiginecha, monga PSA/DNA, JSA ndi Beckett. Mawu awo amathandiza pogulitsa, koma nawonso amapereka maganizo a katswiri, sanali pomwepo. Ine ndimadalira kwambiri mafunso atatu: anasainira kuti, tsiku liti, ndipo ndani anagwira chimbalecho? Masiku ndi malo a mashoo a Deep Purple analembedwa pafupifupi onse ndipo amapezeka pa intaneti. Wogulitsa akatchula mzinda ndi chaka, kaoneni ngati gululo linalidi kumeneko, ndiponso ngati linali ndi anthu asanu amenewo. Tiketi ya usikuwo, kapena chithunzi cha mwini chimbale ali ndi oimbawo, n'zamtengo kuposa satifiketi ya chidindo chagolide.

Tsopano za mnzanu wa kuntchito. Ndikumumvetsa, chifukwa nanenso Deep Purple imene inandigwira mtima ndi ya Blackmore. Ndinaimva koyamba pa mbale za amalume anga amene ankagwira ntchito ku migodi ya ku Kitwe, nthawi ija anyamata a ku Zambia ankamvera magulu a ku Britain ngati amenewa n'kuyambitsa awoawo, monga WITCH ndi Ngozi Family. Gitala ya Blackmore ili ndi ukali umene wina aliyense sanaubwereze. Koma kunena kuti iye yekha ndiye gulu n'kulakwira Jon Lord, amene ankalumikiza ogani yake ya Hammond ku zokuzira mawu za Marshall, zija zopangidwira gitala, n'kumalimbana ndi Blackmore mofanana mphamvu. Theka la phokoso limene mnzanuyo amalikonda linkachokera m'zala za Lord. Kenako werengani zaka. Blackmore anakhala m'gululi kuyambira 1968 mpaka 1975, n'kubweranso 1984 mpaka 1993, zonse pamodzi zaka pafupifupi 16. Morse anakhala zaka 28 mosadukiza. Munthu amene wanyamula gitala ya gulu kwa zaka 28 sitingamutche mlendo. Ndipo ngati tikufuna mzati umene sunasunthe, ameneyo ndi Ian Paice, yekhayo amene wakhalapo kuyambira Mark I mpaka Mark IX.

Funso loti Deep Purple yeniyeni ndi iti linafikapo mpaka kukhoti. Mu 1980, gulu litatha, Rod Evans anavomera kutsogolera oimba ena osadziwika pansi pa dzina la Deep Purple, n'kumachita mashoo ku Mexico, America ndi Canada. Oyang'anira gulu lenileni anamusumira, khoti linagamula kuti alipire madola 672,000, ndipo anataya malipiro amene ankalandira pa zimbale zitatu zoyamba zija. Kuchokera pamenepo Evans anazimiririka pamaso pa anthu. Nkhaniyi imandimvetsa chisoni, chifukwa mawu a pa "Hush" ndi ake. Mu 2016 gululi linalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, malo a ku America olemekezera oimba otchuka, ndipo mayina amene anasankhidwa anali 8: Blackmore, Lord, Paice, Gillan, Glover, Coverdale, Hughes ndi Evans. Evans sanabwere, Blackmore sanabwerenso. Simper, amene anaimba pa zimbale zomwezo zimene Evans anaimbapo, anasiyidwa, ndipo ine mpaka lero ndimaona kuti anamulakwira. Morse ndi Airey anaimba pa mwambowo koma mayina awo sanalembedwe. Ngati akuluakulu a mwambo ngati umenewo analephera kugamula mokomera onse, inu ndi mnzanuyo mudzakangana mpaka kupuma pantchito. Mkangano wotero ndi wokoma, koma usakuuzeni chogula. Chimbale cha Purpendicular cha 1996 chosainidwa ndi Gillan, Glover, Lord, Paice ndi Morse n'chokwanira ndithu, popanda Blackmore, chifukwa amene anachijambula ndi amenewo.

Pa funso lanu lomaliza, kupeza onse 15 n'kotheka koma ndi ntchito ya zaka zambiri, ndipo atatu mwa iwo simungakumane nawo. A Bolin ndi a Lord muyenera kugula kwa ena. Lord anasaina kwa zaka zoposa 40 ndipo zake zimapezeka. Bolin anakhala m'gululi chaka chimodzi chosakwana n'komwe, anafa ali wamng'ono, zake zenizeni n'zochepa ndipo zabodza n'zochuluka, choncho ameneyu musiyeni komalizira, diso lanu litakhwima. Evans ndiye mutu waukulu: chilichonse chonenedwa kuti anasaina pambuyo pa 1980 muchikayikire kwambiri. Blackmore kuyambira 1997 amaimba nyimbo za mtundu wakale ndi mkazi wake Candice Night m'gulu la Blackmore's Night, ndipo mashoo ake ndi apatalipatali. Otsalawo ndi ofikirika. Hughes wakhala akuyenda ndi nyimbo za Mark III ndi Mark IV, Simper wakhala akuimba za Mark I, ndipo Satriani, Turner ndi Morse aliyense ali ndi ntchito zake.

Chimene ndingakuletseni n'kufuna kuwaunjika onse pa chinthu chimodzi. Ambiri amayamba choncho, kenako amapezeka ndi chikuto chodzaza mayina a anthu amene ena mwa iwo sanaimbepo limodzi, chosasimba nkhani iliyonse. Sankhani chinthu chimodzi pa Mark iliyonse. Coverdale ndi Hughes akhale pa Burn, pachikuto chija cha makandulo okhala ndi nkhope zawo. Turner akhale pa Slaves and Masters, Airey pa Bananas ya 2003, McBride pa =1 ya 2024. Satriani sanajambule nawo chimbale cha mu situdiyo, ndiye malo ake oyenera ndi tiketi kapena pulogalamu ya mashoo a kumapeto kwa 1993 ndi 1994. Mukatero shelefu yanu imafotokoza yokha mbiri ya gulu, ndipo tsiku limene inu kapena ana anu mudzafune kugulitsa, chilichonse chidzakhala ndi wochifuna.

Siginecha yopanda chikayiko ndi imene mwaiona ikulembedwa. Muli ku Britain, kumene gululi limabwera kawirikawiri, ndipo Gillan, Glover ndi Blackmore anabadwa mu 1945, Paice mu 1948. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mukamva kuti akubwera, gulani tiketi, ndipo mukafike msanga kukhomo lakumbuyo kumene oimba amalowera. Munyamule chinthu chimodzi kapena ziwiri. Amalonda obwera ndi chikwama chodzaza ndi amene anaononga mwambowu, ndipo oimba ambiri anatopa nawo. Ringo Starr wa The Beatles analengeza mu 2008 kuti wasiya kusaina zimene anthu amamutumizira. Chimbale muchitulutsiretu m'pulasitiki, cholembera muchiyeseretu pa pepala lina ndipo chivindikiro chikhale chochotsa kale, chifukwa munthuyo ali ndi mphindi yosakwana. Pachikuto chakuda gwiritsani inki yasiliva, pachowala yakuda kapena yabuluu. Akafunsa dzina lanu, apatseni. Amalonda amati dzina la mwini limatsitsa mtengo, koma zilembo zoonjezerazo ndi umboni wa dzanja lake, komanso woimbayo amadziwa kuti simukukagulitsa. Akakana, athokozeni basi. Akasaina, chigwireni m'mphepete n'kuchisiya chiume musanabwezere m'pulasitiki, apo ayi dzina lonse limamatirira kumeneko.

Posunga, adani ndi dzuwa ndi chinyontho. Inki ya zolembera zonenepa zija imafwifwa ikamaombedwa ndi dzuwa, ndipo siibwereranso. Musabwerezepo ndi cholembera china, musamate selotepi, musachipititse kokamata pulasitiki yamoto. Zimbale ziziima chilili, kutali ndi khoma lonyowa la nyumba za ku England. Mukadzapita nazo kumudzi, zisakhale pafupi ndi malata kapena m'galimoto yotseka, chifukwa kutentha kumapinda mbale, ndipo chiswe chimakonda zikuto.

Ndiye mukabwerera kwa wogulitsa uja, yambani mwamufunsa za CD ya Bolin, muone mmene ayankhire mukamuuza za 1976 ndi 1982. Akavomera n'kuichotsa patebulo, ndi munthu woti mungapitirize naye. Kenako tengani Machine Head, onani nambala ndi chaka, unikani ndi tochi, funsani mzinda ndi tsiku. Zonse zikagwirizana, muuzeni mwaulemu kuti Blackmore ndi Lord palibe, ndipo mtengo umene mungapereke ndi wa chimbale chakale chabwino chokhala ndi atatu mwa eniake, kuphatikizapo awiri a m'badwo wotsatira. Mumupemphenso akulembereni lisiti lotchula mayina asanuwo ndi lonjezo lobweza ndalama ngati katswiri atawakana. Akakakamira pa malipiro anu a sabata yathunthu, musiyireni chimbale chake, ndalamazo mukagulire tiketi ya shoo yotsatira ndi kope labwino la =1, mupite nalo kukhomo lakumbuyo.